Kodi munthu adzakwana liti?

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, mafoni amadzaza ndi zithunzi za ana amene apeza mapointi 6, 8 kapena 10. Timawayamikira, ndipo n'koyenera. Nanga uja wapeza mapointi 34 atawerengera tochi zaka zinayi pa CDSS yopanda labotale, ndani amamuuza kuti wagwira ntchito? Kunyumba amangomva kuti "bwereza." Akabwereza n'kukhoza, akuti yunivesite. Akatenga digiri, akuti masiku ano digiri yokha siigwira, pakufunika masitazi. Kodi mzere umenewu umathera pati?

Sitikunyoza khama. Dziko losauka ngati lathu likufunika anthu ophunzira ndi olimbikira. Chotidetsa nkhawa n'chakuti tamangirira ulemu wa munthu pa satifiketi ndi pa ndalama, moti mnyamata wosowa ntchito amazemba ngakhale maliro a kwawo poopa kufunsidwa kuti, "Ukupanga chiyani masiku ano?" Kodi tinagwirizana liti kuti munthu wopanda malipiro alibenso mawu pabwalo?

Pa Facebook ndi TikTok pachuluka alangizi ouza achinyamata kuti azidzuka 4 koloko m'bandakucha, akhale ndi mageni atatu, ataye anzawo osaganiza zachuma. M'matchalitchi ena, umphawi akuutcha chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa. Onsewa uthenga wawo ndi umodzi: vuto ndiwe. Koma mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022, mpamba wa mayi wogulitsa kaunjika unafota tsiku limodzi. Kodi mayi ameneyu anachedwa kudzuka? Kodi anapemphera pang'ono? Mayunivesite aboma alipo 6 okha, ndipo chaka chilichonse bungwe la NCHE limasiya ana ambiri oyenerera chifukwa malo ndi ochepa. Kodi wosiyidwayo timutche waulesi?

Munthu akauzidwa tsiku ndi tsiku kuti zonse zili m'manja mwake, tsiku limene zinthu zagwa amadziimba mlandu yekha. Apolisi akhala akunena kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto azachuma zimatchulidwa kawirikawiri. Malo othandiza ovutika maganizo, monga St John of God ku Mzuzu ndi chipatala cha ku Zomba, ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu ofuna thandizo. Mwamuna amene anakula akumva kuti mtengo wake ndi zimene wabweretsa pakhomo, akachotsedwa ntchito amatsala ndi chiyani? Angauze ndani kuti watopa, pamene kutopa kumene tikukutcha kufooka?

Ena amaopa kuti kukhutira kumabala ulesi. Ife tikuona mosiyana. Akuluakulu ponena kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno sankaletsa munthu kulima munda wina. Ankamukumbutsa kuti zimene ali nazo kale nazonso ndi zenizeni. Munthu amene akudziwa kuti kwawo amamulandira, zitheke kapena zikanike, ndi amene amalimba mtima kuyesa bizinesi yatsopano, chifukwa kugwa sikumuchotsera dzina. Amene amathamanga chifukwa cha manyazi saima n'komwe kuti adzifunse ngati njirayo ndi yake. Akagula galimoto, mtima uli kale pa galimoto ya mnzake.

Tsono tikufunsa aphunzitsi: kodi m'kalasi mwanu mwana wa nambala 40 mumamudziwa dzina? Abusa, ulaliki wanu uli ndi mawu otani kwa mkhristu wokhulupirika amene zaka zikupita akukhalabe m'nyumba yalendi? Ndipo inu makolo, mwana wanu akatsika basi kuchokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg ali chimanjamanja, mumayamba mwamufunsa za moyo wake, kapena maso amathamangira ku chikwama?