Ng'ombe Siipimidwa pa Lamya

Masiku ano kwabuka kanenedwe kena pakati pa anthu ophunzira, kakuti sukulu zaukachenjede zomanga ndi njerwa zatha ntchito. Akuti popeza nzeru zonse zili pa intaneti, ndipo chiyambire 2022 makina onga ChatGPT akuyankha mafunso ngati mphunzitsi, mwana wa ku Jenda kapena ku Edingeni angogula lamya ya m'manja, digiri imupeza pakhonde. Ife tikuwakana mau ameneŵa, ndipo tikuwakana chifukwa cha zimene maso athu akuona ku Mzimba.

Mu 2015 Pulezidenti Peter Mutharika anaika mwala wa maziko wa yunivesite ya Mombera pafupi ndi boma la Mzimba. Cholinga chinali chakuti ikhale sukulu ya maphunziro a ziŵeto, m'dziko la Angoni kumene khola la ng'ombe ndilo nkhokwe ya chuma cha banja. Pambuyo pake dzina linasinthidwa kukhala la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, koma pofika 2024 sukuluyo inali isanalandire wophunzira ndi mmodzi yemwe. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tadekha ndithu, mpaka ana amene anali mu Sitandade 8 tsiku la mwalawo anakula, ndipo ambiri a iwo anakwera basi ya ku Joni.

Tsono amene akuti lamya ikwanira atiuze: kodi ng'ombe yodwala chifukwa cha nkhupakupa, kapena ya zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, adzaipima ndani? Makina angathe kutchula dzina la matenda, inde, koma dotolo wa ziŵeto amapangidwa ndi khola, chipinda choyezera magazi, ndi mphunzitsi womuongola dzanja pobaya jekeseni. Ndiponso makinawo nthaŵi zina amanama molimba mtima, ndipo woŵagwira bodza ndi yekhayo amene anaphunzira mozama. Nzeru zatsopanozi zikuchititsa kuti munthu wophunzitsidwa bwino afunike koposa kale.

Sitinaiŵale 2020. Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, kunamveka kuti ana aziphunzirira kunyumba. Anapitirira ndi a m'nyumba za magetsi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mtsikana wa kumudzi ku Champhira, amene amalipira kuti atchajitse lamya pa sitolo, ndipo ndalama ya bandulo ndi yomweyo ya sopo, anangokhala. Kumuuza mwana wotere kuti yunivesite yake ili m'thumba n'kumuseka.

Sitikudana ndi kompyuta ayi. Laibulale ya yunivesite ya Mzuzu itapsa mu Disembala 2015, tonse tinaona kuti mabuku osungidwa m'makina ndi chuma chosapsa ndi moto. Choncho sukulu ya M'mbelwa itsegulidwe ili ndi intaneti yamphamvu ndi magetsi odalirika, kuti mlimi wa ku Embangweni azitumiza chithunzi cha ng'ombe yake kwa katswiri wodziŵa msipu wa kwao, wotha kufika pakhola maŵa lake.

Ku Embangweni komweko Donald Fraser anakhazikitsa mishoni ya Loudon mu 1902, kulibe galimoto kapena magetsi, ndipo sukulu zinayamba. Inu makolo, aphungu a Nyumba ya Malamulo akabwera kumisonkhano, musaŵafunse za mwala kapena dzina. Afunseni chaka ndi mwezi umene ophunzira oyamba adzaloŵe m'kalasi, ndi kuti adzakhala angati.