Mfuti yoyenera njovu yolusa ku Kasungu

Kumaiko ozizira a kumpoto, monga ku Alaska ndi ku Canada, alenje amatsutsana chaka ndi chaka za chipolopolo choyenera kuphera chimbalangondo, chilombo chimene chikakhwima chimatha kupitirira makilogalamu 500, ndipo ambiri a iwo amakhazikika pa mfuti za .30-06, .338 Winchester Magnum kapena .375 H&H. Kuno kwathu kulibe chimbalangondo, koma funso lomwelo lilipo m'zigwa za fodya za ku Kasungu, kumene chilombo chake ndi njovu, imene yamphongo imafika matani 6, ndipo woyenera kuliyankha si mlenje wofuna kusangalala koma msilikali woteteza nyama zakutchire amene waitanidwa usiku kumudzi kumene njovu zathyola nkhokwe.

Nkhalango ya Kasungu, imene inakhala malo otetezedwa a dziko mu 1970 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita oposa 2,300, inali ndi njovu zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, koma opha nyama mozembera lamulo anazipulula kotero kuti pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50 zokha. Mu 2022 nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, mothandizana ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW, inasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo kuyambira pamenepo anthu a m'malire mwa nkhalangoyi, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, akhala akudandaula za minda yowonongeka ndiponso za abale awo ophedwa ndi njovu. Fodya njovu siimufuna kwenikweni, koma mlimi wa fodya amalimanso chimanga, mtedza ndi maungu, ndipo nyama yofunafuna zimenezi siilambalala nazale kapena chigafa chimene chili panjira yake.

Funso la mfuti yoyenera limayambira pa kaliba. Kaliba ndi muyeso wa kukula kwa chiboo cha mpope wa mfuti, kumenenso kuli kunenepa kwa chipolopolo chodutsamo, ndipo Angerezi ndi Aamereka amauwerengera m'zigawo za inchi pamene maiko ena a ku Ulaya amauwerengera m'mamilimita. Motero .375 ndi chipolopolo chonenepa mamilimita 9.5, pamene .458 ndi cha mamilimita 11.6. Kunenepa kokha sikunena zonse, pakuti mphamvu imene chipolopolo chimafika nayo pa nyama imachokera pa kulemera kwake ndi liwiro limene onga wachipatsa, ndipo mphamvuyo imayesedwa m'makilojuli. Chipolopolo cha .375 H&H, chimene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, chimalemera pafupifupi magalamu 19 ndipo chimatuluka ndi makilojuli oyandikira 6; cha .458 Winchester Magnum, cha mu 1956, chimalemera magalamu 32, pamene cha mfuti ya AK-47, imene inafala m'chigawo chino chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992, chimalemera magalamu 8 okha ndipo mphamvu yake ndi makilojuli 2 basi.

Apa ndi pamene nkhani ya chimbalangondo ndi ya njovu zimapatukana. Mlenje wa ku Alaska amafuna chipolopolo chofewa kunsonga, chimene chimaphwasuka chikalowa m'thupi n'kung'amba mapapo ndi mtima, chifukwa chikopa ndi mafupa a chimbalangondo sizichiletsa kulowa. Chipolopolo chotero n'choyeneranso mkango, koma pa njovu n'chachabe, popeza ubongo wa njovu uli mkati kwambiri, chakumbuyo pakati pa makutu, ndipo wazunguliridwa ndi fupa lochindikala la timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, kotero kuti chipolopolo chowombedwa pamphumi chiyenera kuboola mnofu ndi fupa zopitirira theka la mita osapindika kapena kukhota. Ntchito imeneyi imafuna chipolopolo cholimba, ndiye kuti chokutidwa ndi chitsulo chochindikala kapena chosulidwa ndi mkuwa wokhawokha, chimene sichisintha maonekedwe ngakhale chigunde fupa. Bokosi la zipolopolo zofewa m'manja mwa msilikali wotumidwa kukathana ndi njovu ndi ngozi yaikulu kuposa mfuti yochepa kaliba.

Okonda mfuti zazing'ono amatchula kawirikawiri dzina la W.D.M. Bell, mlenje wa ku Scotland amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anapha njovu zoposa 1,000, zambiri mwa izo ndi chipolopolo cha mamilimita 7. Iwo amaiwala kuti Bell ankang'amba zigaza za njovu kuti adziwe bwino pamene pali ubongo, ankawombera masana nyama zimene zinali zisanazolowere kuthamangitsidwa, ndiponso ankasankha yekha poima. Msilikali wa ku Kasungu alibe mwayi umenewo, pakuti amakumana ndi njovu yokwiya, mumdima, m'munda wa chimanga chotalika, anthu akukuwa ndi kuimba zitini kumbuyo kwake. Mbiri ya kuno komwe imaphunzitsa zofanana: m'masiku a mfumu Mwase Kasungu, amene malonda a minyanga ndi Jumbe wa ku Nkhotakota anamulemeretsa mpaka Angerezi atamugonjetsa mu 1895, mfuti za gogodera zinkapha njovu ndithu, koma zinkasiyanso zina zikuyenda ndi mabala. Njovu yovulazidwa ndiyo yoopsa kuposa zonse, chifukwa ululu umaichititsa kuthamangitsa aliyense amene yamununkhiza, ndipo wofa kawirikawiri sakhala wowombera uja koma mayi wotola nkhuni patapita masiku.

N'chifukwa chake maiko amene amalola ulenje wa nyama zikuluzikulu anaika malire m'malamulo. Ku Zimbabwe njovu, njati ndi mvuu siziloledwa kuwomberedwa ndi chipolopolo chochepera mamilimita 9.2 kapena chosafika makilojuli 5.3, ndipo ku Tanzania malire ake ndi .375. M'Malawi mulibe ulenje wa njovu wochita kugula chiphaso. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, litakonzedwanso mu 2017, limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa wopha nyama yotetezedwa kwambiri ngati njovu, ndipo kukhala ndi mfuti ya mtundu uliwonse kumafuna chiphaso chochokera kupolisi. Choncho mwini esiteti kapena mlimi amene akuganiza zogula mfuti kuti azilondera munda akuyankha funso losakhala lake.

Pakati pa .375 ndi .458, imene ili yoyenera kwa asilikali ambiri ndi yoyambayo. N'zoona kuti .458 imagunda mwamphamvu njovu ikayandikira, ndipo katswiri wotsogolera gulu ayenera kukhala nayo, koma imakankhanso phewa mowawa, kotero kuti munthu wosaizolowera amayamba kutsinzina ndi kunjenjemera asanakoke n'komwe, ndipo chipolopolo chachikulu chophonya ubongo sichiposa chaching'ono. Mfuti ya .375 imapiririka, imalasa bwino patali, ndipo imakwanira njati, mvuu ndi ng'ona zomwe. Vuto lake ndi lakuti zipolopolo zamtunduwu zimachokera kunja ndipo zimadula, motero m'nthawi ino ya kusowa kwa ndalama zakunja chiyeso chimakhala chozisunga m'kabati mpaka tsiku la ngozi, chonsecho luso lowombera limabwera ndi kuyeserera kawirikawiri.

Mfuti, ingakhale yabwino chotani, imafika chimanga chitadyedwa kale, ndipo mpanda wamagetsi wosamalidwa bwino, tsabola, ming'oma ya njuchi ndi uthenga wofulumira kuchokera kwa mafumu ndi zimene zimapulumutsa anthu ambiri ndi njovu zomwe. Komabe tsiku limafika limene njovu imodzi iyenera kuphedwa, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo ochokera m'boma la Kasungu ayenera kufunsa, pokambirana bajeti ya nthambi yoona za nyama zakutchire, ngati kampu iliyonse ya m'malire mwa nkhalango ili ndi mfuti yosachepera .375, zipolopolo zolimba zokwanira, ndi msilikali amene amayeserera kuwombera nayo chaka chilichonse.