Mzinda Ukamakula, Munda wa Yani Ukutha?



Mukatsegula Rádio Moçambique madzulo, kapena mukaonera TVM pamsika, nkhani za chitukuko sizisowa. Mu 2014 tinamva za mlatho wa Kassuende pa mtsinje wa Zambezi ku Tete. Mu 2018 unali mlatho wa Maputo–Katembe. Amationetsanso nyumba zatsopano za ku Matola, mzinda umene pa kalembera wa 2017 unapitirira anthu miliyoni imodzi. Zonsezi n'zoona. Koma pali mbali ina imene simveka kawirikawiri: pamene pamangidwa nyumbazo, dzana panali munda wa munthu.

Chitsanzo cha kwathu konkuno

Mzinda wa Tete unali ndi anthu pafupifupi 155,000 mu 2007. Pofika mu 2017 anali atapitirira 300,000. Ambiri anatsata ntchito za malasha a ku Moatize. Anthu onsewa anafuna pogona, ndipo mabairro anatambalala mpaka kumene kale kunkadya mbuzi. Nawo mgodi unafuna malo: mu 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300. Ambiri anapita ku Cateme, ena ku bairro la 25 de Setembro. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka.

Kodi munthu azichita kugona panjanji kuti mawu ake amveke? Wailesi ya dziko lonse iyenera kumufikira asanafike pamenepo.

Zikukhudza bwanji inu?

Musati izi n'za m'tauni. Ulongué unakhala município mu 2008, ndipo ukukula. Ku Zóbuè ndi ku Calómuè nyumba ndi masitolo zikutsata msewu. Lero munda wanu uli kutali ndi msika. Mawa munthu abwera ndi chingwe choyezera, n'kuudula kukhala malo omangapo nyumba.

Lamulo la Malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Koma limatetezanso amene akulima malo a makolo awo mwa mwambo, ngakhale alibe pepala la DUAT, ndiponso nzika imene yakhala pamalo zaka 10 popanda chinyengo. Malo asanaperekedwe kwa wina, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa. Kodi zimenezi munazimva kangati pa wailesi, m'Chinyanja chanu, poyerekeza ndi nkhani za akuluakulu odula riboni?

Wailesi imeneyi ndi yanu

Rádio Moçambique ndi TVM si za chipani. Zimayenda ndi ndalama za anthu, ndipo amene amagula magetsi amalipiranso msonkho wa wailesi. Nthambi ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, m'Chinyungwe ndi m'Chisena kuti mlimi amve ndiponso amveke. Atolankhani ake amagwira ntchito yaikulu, makamaka pa nthawi ya madzi osefukira ndi miliri. Chimene tikupempha n'chakuti akaonetsa bairro latsopano, afunsenso kuti: madzi akumwa ali kuti? Sukulu ili patali bwanji? Mwini munda analipidwa chiyani, ndipo akulima kuti tsopano?

Inu mungachite izi

1. Imbani foni pa mapulogalamu a omvera, pa wailesi ya dziko kapena ya m'dera lanu. Tchulani mudzi wanu ndi vuto lenileni.

2. Pa nthawi ya kampeni, zipani zimapatsidwa mphindi zolankhulira pa wailesi ndi pa TV. Mvetserani onse, osati wanu yekha.

3. Wopikisana akabwera pamsonkhano, mufunseni kuti vila lidzakulira mbali iti, ndipo amene minda yawo ili kumeneko adzafunsidwa liti.

4. Lamulo la 2014 la ufulu wodziwa zinthu limakulolani kupempha ku maofesi a boma kuti muone mapulani a malo. Pitani ndi amfumu komanso anzanu.

Safunsa anadya phula. Mlatho mwauona pa TV, koma munda wanu mumaudziwa ndinu. Tsiku lovota likafika, sankhani amene wayankha mafunso anu momveka. Voti yanu ndi yachinsinsi, ndipo palibe amene angakukakamizeni.