Tisanasankhe Chovala, Tifunse Kuti Tsikuli ndi la Yani

Nyengo ya maukwati ikafika, kuyambira anthu akangokolola mpaka mvula itayandikira, m'mahositelo mwathu mumabuka mkangano womwewo chaka ndi chaka. Wina walandira khadi yonena kuti aliyense abwere atavala zobiriwira, koma m'sutikesi mwake mulibe chobiriwira chilichonse. Wina akupita kumaliro a mayi a mnzake wa m'kalasi ndipo akufunsa ngati jinzi ingaloledwe. Ena amati Mulungu amaona mtima, choncho zovala zilibe kanthu. Enanso amati wopita ku ukwati wopanda jekete wanyoza eni ake. Onsewa ali ndi mfundo, koma onse akuyambira pa munthu wovalayo. Ife tikuona kuti pali mafunso awiri oyenera kutsogola: tsikuli ndi la yani, ndipo tikukachitako chiyani? Tikayankha amenewa, nkhani ya tayi, chitenje ndi nsapato imayamba kupepuka.

Tiyambe tavomereza kuti zimene timazitcha kavalidwe kaulemu zili ndi mbiri yake, ndipo sizinatsike kumwamba. Diresi loyera la mkwatibwi linatchuka Mfumukazi Victoria ya ku Britain italivala pa ukwati wake mu 1840. Mfumukazi yomweyo inavala zakuda kuchokera pamene mwamuna wake Albert anamwalira mu 1861 mpaka imfa yake mu 1901, ndipo izi zinalimbikitsa mwambo wolira maliro ndi zakuda. Suti ndi tayi zinafika kuno ndi amishoni ndi atsamunda. Makolo athu ankamanga maukwati olimba ndi kuika maliro mwaulemu izi zisanabwere.

Komabe zovala zachilendozi zinapeza tanthauzo lake pakati pathu. Chithunzi chotchuka cha Mbusa John Chilembwe chimamuonetsa ali mu suti, pambali pa mayi Ida atavala diresi lalitali. Pa nthawi imene azungu ena ankapsa mtima akaona munthu wakuda osavula chipewa pamaso pawo, kutchena kotereku kunali kulengeza kuti ifenso ndife anthu. Pambuyo pake zovala zinasanduka nkhani ya boma. Lamulo la mu 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi osaphimba mawondo, ndipo linathetsedwa mu 1993. Mu Januwale 2012 amayi ena anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi m'mizinda ina chifukwa cha zimene anavala. Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Chovala chimalankhula, choncho sitinganene kuti chilibe kanthu. Komanso anthu akayamba kukakamizana pa zovala, amene amavulala kawirikawiri ndi amayi ndi osauka.

Tsiku la ukwati ndi la mkwati, mkwatibwi ndi mabanja awo. Iwo asonkha ndalama kwa miyezi, ankhoswe ayenda maulendo, amayi agona panja akuphika. Mlendo wobwera ndi malaya osasita ndi patapata, pamene m'chipinda mwake muli zabwinopo, akuwauza eni ake kuti tsiku lawo silikusiyana ndi Lachiwiri lililonse. Pa ukwati tivale chabwino koposa chimene tili nacho, chochapa, chosita, choyenera kulowa nacho m'tchalitchi, chifukwa mwambo umayambira pamaso pa Mulungu usanapite ku holo. Kwa mnyamata, thalauzi lakuda kapena lotuwa, malaya a kolala ndi nsapato zopukuta ndi zokwanira. Jekete ndi tayi ngati zilipo, zili bwino. Kwa mtsikana, diresi kapena chovala cha chitenje chosokedwa bwino, chimene angathe kukhala nacho pansi ndi kugwada popanda kumangochikoka. Malaya a chitenje osokedwa ndi telala waluso sachepa ulemu poyerekeza ndi suti, ndipo m'kutentha kwa Okutobala ndi anzeru kuposa jekete.

Kupitirira muyeso nakonso ndi mwano. Mlendo wovala diresi loyera lalitali, kapena wobwera ndi cholinga choti makamera azitsata iye, walanda tsiku la mnzake. Ife a mpingo uno tisadzinamize kuti vutoli silitikhudza chifukwa ambiri sitivala ndolo ndi mikanda. Munthu angathe kudzionetsera ndi suti ya magawo atatu, ndi nsapato, ndi tsitsi limene ladya ndalama ya chakudya cha mwezi wathunthu. Zimene mtumwi Paulo analangiza pa 1 Timoteo 2 zimakhudza mtengo wa chovala ndi mtima wa wovala, ndipo sizithera pa kutalika kwa siketi.

Vuto lalikulu masiku ano likuchokera kwa oitana. Ukwati umodzi tsopano umabwera ndi zochitika zingapo: chinkhoswe, phwando lolangiza mkwatibwi, phwando lotsanzika, kenako ukwati weniweniwo. Chilichonse chili ndi mtundu wake wa chovala, ndipo nthawi zina nsalu yake imene uyenera kugula kwa komiti. Operekeza akwati, amene ambiri ndi anzathu a pasukulu, amauzidwa kuti adzilipirire nsalu, telala, nsapato ndi tsitsi. Onjezanipo thiransipoti, mphatso ndi ndalama zosintha za perekaniperekani. Wophunzira amene makolo ake agulitsa chimanga kapena mbuzi kuti alipire fizi amapezeka akudula ndalama ya chakudya, kapena akulowa katapila, kuti asaoneke wotsalira pa chithunzi. Wina amangonamizira mayeso n'kusapita, ndipo ubwenzi wa zaka zinayi umazirala chifukwa cha mamita angapo a nsalu.

Ena anena kuti tsikulo ndi la akwatiwo, monga tanena kale, choncho ali ndi ufulu wosankha mmene alendo awo aonekere. N'zoona, ndipo palibe cholakwa kufuna zithunzi zokongola. Koma pempho ndi lamulo ndi zinthu zosiyana. Khadi ikanena kuti amene angathe avale zobiriwira, aliyense amabwera ndi mtendere. Ikanena kuti wosavala zobiriwira sadzalowa, oyamba kutsala panja ndi azakhali a kumudzi amene analera mkwatibwi, ndi agogo amene abwera ndi chilundu chawo chimodzi chosungidwa bwino m'bokosi. Pali ena amatchula fanizo la pa Mateyu 22 la munthu amene anachotsedwa pa phwando chifukwa chosowa chovala cha ukwati. Fanizolo likunena za chilungamo chimene munthu amafunika kuti aime pamaso pa Mulungu, ndipo sitingalisandutse chikwapu chothamangitsira osauka pakhomo la holo. Ndime yotikhudza mwachindunji ndi ya pa Yakobo 2, imene ikudzudzula msonkhano wopatsa wovala bwino mpando wabwino n'kuimika wosauka kumbuyo. Olandira alendo pa maukwati athu aiwerenge asanayambe kugawa mipando.

Maliro ali ndi eni ake ena, ndiwo anamfedwa, ndipo kumaliro timapita kukagwira ntchito. Kumudzi amayi amakhala pansi m'nyumba ya siwa, amatunga madzi, amaphika nsima m'miphika ikuluikulu pautsi. Abambo amachezera panja pamoto, amawaza nkhuni, amanyamula bokosi, pamene adzukulu ali kumanda ndi makasu. Pamsewu pamaikidwa masamba kuti wapanjinga atsike ndi wagalimoto achepetse liwiro. Kavalidwe ka pamaliro kanabadwa mu ntchito imeneyi. Chitenje chimalola mayi kukhala pamphasa, kugwada popereka chipepeso ndi kuwerama pamoto momasuka, ndipo usiku chimakhala chofunda. Mpango kumutu ndi nsapato zafulati zimagwirizana ndi fumbi ndi njira ya kumanda. Mwamuna amafunika thalauzi lalitali, malaya osakuwa, juzi ya usiku, ndipo chipewa amachivula pamene mwambo uli m'kati.

Pamenepa ulemu ndi kutchena zimasiyana njira. Mnyamata wofika mu suti yowala ndi magalasi akuda sangapemphedwe kunyamula nkhuni, ndipo iye mwini sangadzipereke. Mtsikana wa nsapato zazitali zidendene amafunafuna mpando pamene amayi a msinkhu wa agogo ake akhala pansi. Chovala chawo chawasandutsa oonerera. Suti ili ndi malo ake pamaliro: abusa, akulu a mpingo, oyendetsa mwambo ndi olankhula m'malo mwa sukulu kapena ofesi ayenera kuoneka molingana ndi udindo umene asenza. Ambiri a ife timapitako ngati ana a pamudzi, ndipo tizivala ngati anthu amene angatumidwe.

M'matauni mukukula chizolowezi chogula nsalu yofanana ndi kusindikiza masikipa a nkhope ya malemu. Banja limene lili ndi ndalama lingachite zimenezi mwa kufuna kwake, koma zikasanduka muyeso wa maliro abwino, mabanja amene akuvutika kale ndi bokosi, galimoto ndi chakudya amawonjezerapo ngongole pa chisoni. Nsalu za zipani za ndale nazonso zilibe malo pamaliro, chifukwa zimasandutsa bwalo la misozi kukhala msonkhano. Yunifolomu ya amayi a Dorika, ngati ya amayi a Mvano kwa anzathu a CCAP, ili ndi phunziro lina. Mkazi wa bwana ndi mayi wogulitsa masamba amaoneka chimodzimodzi, ndipo aliyense akawaona amadziwa kuti abwera kudzatumikira. Chovala chofanana chimakhala chabwino chikamafafaniza kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndipo chimaipa chikamakuonetsera poyera.

Tinenenso chilungamo pa nkhani ya amuna ndi akazi. Mtsikana akafika pamaliro wopanda chitenje, mudzi wonse umamunena. Mnyamata akafika ndi kabudula ndi jezi ya Bullets kapena Arsenal, palibe amene amatsegula pakamwa. Ngati ulemu kwa oferedwa ndi umene tikufuna, muyeso ukhale umodzi. Alongo athu amene amaona chitenje ngati chachikale aganizirenso: kusunga chitenje chimodzi m'chikwama sikuchotsa maphunziro a munthu, ndipo kumatsegula mitima ya amayi amene tikupita kukawatonthoza. Anamwino ndi aphunzitsi ambiri a mawa ali m'makalasi mwathu muno, ndipo adzatumizidwa kumidzi kumene anthu adzawayeza poyamba ndi mmene amafikira pamaliro. Koma wina akafika kuchokera ku ntchito kapena paulendo ali ndi zimene anavala m'mawa, tisamubweze ndipo tisamunong'one. Maliro n'kulirana. Mayi wanzeru amangomasula chitenje chake chachiwiri n'kumupatsa mwakachetechete.

Mafunso awiri aja amathandizanso pa masiku ena. Tsiku lolandira madigiri timalitenga ngati lathu, koma theka lake ndi la makolo ndi achibale amene analipira fizi. Gauni imaphimba pafupifupi chilichonse, choncho palibe chifukwa chogulira zovala zatsopano kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Chofunika kwambiri n'chakuti bambo akabwera ndi jekete lawo lakale, mayi ndi chitenje chawo, tiwagwire padzanja ndi kujambulitsa nawo pakati pa bwalo popanda manyazi. Pa chinkhoswe eni ake ndi mabanja awiri amene akudziwana mwa mwambo, ndipo chovala cha chitenje n'chimene chimakhala pamalo pake. Pokafunsidwa mafunso a ntchito, mwini tsiku ndi wolemba ntchito, ndipo apo tayi imathandiza.

Zonsezi sizifuna ndalama zambiri. Mnyamata amene ali ndi thalauzi limodzi lakuda, malaya awiri a kolala ndi nsapato zachikopa, ngakhale zonse zitachokera pa kaunjika, angathe kupita ku ukwati, kumaliro ndi ku ofesi iliyonse, bola sopo ndi simbi zikhale pafupi. Mtsikana amene ali ndi diresi limodzi labwino, siketi yakuda, zitenje ziwiri ndi mpango ndi wokonzeka chimodzimodzi. Kubwereka jekete kwa mnzako wa m'chipinda si chamanyazi, ndipo kuvala diresi lomwelo pa maukwati atatu si tchimo, ngakhale zithunzi za pa WhatsApp zitaulula. Kumene sitikudziwa mwambo wake, kaya ndi ku Karonga, ku Mangochi kapena ku Nsanje, tifunse mwana wa komweko tisananyamuke. Safunsa anadya phula.

Ambiri a ife tidzalemba makadi athu a ukwati zaka zochepa zikubwerazi, ndipo ena tidzakhala m'makomiti a maukwati ndi a maliro m'mipingo yathu. Pamenepo mphamvu idzakhala m'manja mwathu. Tidzasankhe nsalu imene woperekeza wosauka kwambiri angaikwanitse, kapena timugulire. Pa khadi tidzalembe mtundu wa chovala ngati pempho. Olandira alendo tidzawauze kuti mipando yakutsogolo ndi ya makolo ndi achibale, kaya avala chiyani. Ndipo abusa ndi akulu a mpingo, polangiza achinyamata amene akukonzekera ukwati, awonjezere funso limodzi pa mndandanda wawo: kodi pali wachibale kapena mnzanu amene alephere kubwera chifukwa cha chovala chimene mwalamula?