Katswiri wa mpikisano wa motoka amadziwikira pa buleki

Pa Kulima Tower kapena pa City Market mu Lusaka, si cacilendo kumva dalaivala wa minibasi wothamanga kwambiri akuchedwa "Schumacher" ndi anzake. Iye amalikonda dzinalo, ndipo ife okwera timaseka nawo uku titagwiritsa mpando wakutsogolo. Koma Michael Schumacher, amene anatenga ukatswiri wa Formula One ka 7 pakati pa 1994 ndi 2004, sanachuke kaamba koponda mafuta cabe. Kuponda mafuta ngakhale mwana wa zaka 10 angathe. Nchito yeni-yeni ya mpikisano ili pa buleki ndi pa kayendedwe ka phazi.

Tayala lililonse limagwira pansi pa kamalo kofanana ndi cikhatho ca dzanja, ndipo mphamvu yake yogwira ili ndi malire. Ili ngati malipiro a pamwezi: ukathera onse pa unga, ya lendi palibe. Tayala likagwiritsa mphamvu yonse poimitsa motoka, yokhotera silikhala nayo. N'cifukwa cake wa mpikisano amaponda buleki mwamphamvu motoka ikali kuyenda molunjika, asanafike pa kona. Akayamba kutembenuza ciongolero, amacotsa phazi pang'ono-pang'ono. Pali cifukwa cinanso. Poponda buleki, kulemera kwa motoka kumapita kutsogolo ndi kukanikiza matayala okhotetsa. Ukacotsa phazi mwadzidzidzi, mphuno ya motoka imadzuka, matayala aja amapepuka, ndipo motoka imangopita kumene ifuna.

Potuluka pa kona lamulo ndi lomwelo. Mafuta amaonjezedwa molingana ndi m'mene ciongolero cikuongokera. Motoka yokankhidwa ndi matayala akumbuyo, monga Hiace ndi Rosa zimene timakwera tsiku ndi tsiku, ukaiponda mafuta onse pakati pa kona yonyowa, kumbuyo kumaterereka kufuna kupitirira kutsogolo.

Pa bwalo la Monza ku Italy, motoka za Formula One zimafika pa kona yoyamba pa liwiro loposa makilomita 320 pa ola, ndipo m'masekondi osakwana atatu zimakhala zatsika pansi pa 100. Dalaivala amakanikiza buleki ndi mphamvu yoposa makilogalamu 100. Makina a ABS, oletsa matayala kuuma, analetsedwa m'mipikisano imeneyi kuyambira 1994, motero iye mwini ayenera kumva ndi phazi pamene tayala latsala pang'ono kuleka kuzungulira, n'kupepuza. Tayala louma silimvera ciongolero. Ambiri a ife tinaonapo mizere iwiri yakuda pa tara yolunjika m'ngalande: ndico cizindikilo ca munthu amene anaponda buleki ndi mantha n'kuumirira pomwepo.

Jackie Stewart wa ku Scotland, katswiri wa dziko lonse mu 1969, 1971 ndi 1973, anali kuphunzitsa anthu poika mbale pa boneti ndi kampira mkati mwake. Wophunzira anali kufunika kuyendetsa mwamsanga popanda kugwetsa kampirako. Tiganize kuti ndi madalaivala angati a pa mseu wa ku Matero kapena ku Cilenje amene angafike pa loboti yoyamba kampira kakali m'mbale.

Nzeru imeneyi tili nayo konkuno. Satwant Singh anakhala katswiri wa rally wa Africa ka 8, Muna Singh anapambana mu 2004 ndi 2005, Jassy Singh mu 2013, ndipo Leroy Gomes mu 2022. Awa ndi anthu odziwa miseu yafumbi ndi yamiyala, kumene tayala siligwira ngati pa tara. A rally ambiri amaponda buleki ndi phazi lamanzere, lamanja likali pa mafuta, kuti motoka ikhazikike pa kona. Sitikuuza wina aliyense kuti akayese zimenezi pa Great East Road ai. Wa rally amathamanga pa mseu wotsekedwa, ali ndi cisoti, malamba ndi zitsulo zomuchinjiriza, ndipo pambali pake pali mnzake womuwerengera kona iliyonse isanafike. Kondakitala wa minibasi amawerenga ndalama. Palibe pepala limene lingamuuze za mbuzi, za njinga ya malasha kapena za mwana wocoka kusukulu.

Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, motoka imayenda mamita 28 pa sekondi imodzi, ndiko kuti phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umakula kanayi. Ndipo mabuleki amatopa. Pa zitunda za Manenekera kapena za Kapiri Ngozi popita ku Chirundu, woyendetsa amene amagona pa buleki kucokera pamwamba amawatenthetsa mpaka aleke kugwira. Wodziwa amalowa giya yaing'ono asanayambe kutsika.

Tidziwa kuti eni mabasi amafuna ndalama yawo madzulo alionse, ndipo dalaivala amathamangira okwera kuti apeze yake. Imeneyo ndi nkhani yofunika kuikamba payokha. Koma ife amene timaitanidwa kukatsogolera mapemphero pa nyumba za maliro taona mabokosi okwanira, ena a ana asukulu, ndipo kawiri-kawiri mau amene timamva ndi akuti "mabuleki anakana". Nthawi zina amakanadi. Nthawi zambiri ndi phazi limene silinaphunzitsidwe.

Masukulu oyendetsa motoka amathera masiku ambiri pa kubwerera m'mbuyo pakati pa madilamu, koma wophunzira amalandira laisensi asanaimitsepo motoka mwadzidzidzi pa mseu wonyowa. Tipempha a RTSA kuti asanapereke laisensi ya PSV, aziyamba aona munthu akuimitsa basi yolemedwa ndi matumba a mcenga pa tara yothiridwa madzi ndiponso pa fumbi. Akambirane ndi a Zambia Motor Sport Association kuti akatswiri athu a rally akhale pa mpando wa pambali tsiku limenelo.