Zotsatira za kafukufuku zibwerere kwa eni ake

Mu 2018 makolo a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, mumzinda wa Blantyre, analola ana awo oposa 28,000 kulowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi. Ntchitoyi anaigwira a Malawi-Liverpool-Wellcome limodzi ndi College of Medicine, sukulu yomwe lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Zinapezeka kuti katemerayu amateteza ana pafupifupi 80 mwa 100 alionse, ndipo mu 2023 boma linayamba kubaya ana m'dziko lonse. Akatswiri anatamandidwa, ndipo nkoyenera. Koma mayi amene anapereka mwana wake kuti abayidwe ndi kutengedwa magazi nayenso ndi mwini wa nzeru imeneyi. Choncho kafukufuku aliyense wa m'mayunivesite athu asamatchedwe wotha kufikira ofufuza atabwerera kudera, kukhala pansi ndi anthu, nkuwauza m'chinenero chawo zimene apeza.

Ena anena kuti nkhani za sayansi nzovuta, munthu wamba sangazimve. Zimenezi nkupeputsa anthu. Ngati kholo linatha kumva kalata ya chilolezo mpaka kusayina kapena kudinda chala, lilephera bwanji kumva yankho? Ena adandaula za ndalama, poti ambiri mwa akafukufukuwa amayendera thandizo lakunja ndipo thumba limauma ntchito ikangotha. Dandaulo ili ndi lomveka, komatu mankhwala ake alipo: ndalama yobwererera kudera ilembedwe m'bajeti pachiyambi pomwe, ndipo makomiti amene amavomereza kafukufuku asamaloleze pulani yopanda gawo limeneli. Msonkhano pabwalo la amfumu kapena pulogalamu pawailesi ya m'dera sizingadye ndalama zofika pa mtengo wa makina a m'labotale.

Kukhala chete nakonso kuli ndi mtengo wake. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu anaphedwa, ntchito zina zaumoyo zinasokonekera. Ofufuza sindiwo anayambitsa mphekeserazo, koma pamene magazi akutengedwa popanda wobwera kudzanena kumene anathera, bodza limapeza pomera. Akuluakulu a mayunivesite, phunzitsani ophunzira kufotokoza zimene apeza m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo luso limeneli muziliyesa pamayeso.