Musapsereze kamera ndi mawaya a belu

Akonzi,

Amene analemba sabata yatha kuti kamera yachitetezo ya panja mungangoilumikiza ku mawaya a belu la pakhomo akusocheretsa anthu. Thiransifoma ya belu imatulutsa magetsi a AC, kawirikawiri mavoti 8 mpaka 24, pomwe makamera ambiri amafuna DC ya mavoti 5 kapena 12. Mukangolumikiza popanda kachipangizo kosintha AC kukhala DC, kamerayo ikhoza kupsa.

Sanatchulenso zoti mathiransifoma akale ndi ofooka. Usiku kamera ikayatsa timagetsi take ta infrared imayamba kuzimazima, nthawi yomwe akuba amayenda! Belu nalonso limangong'ung'udza chifukwa magetsi akudutsamo osalekeza.

Awerengi anzanga, yambani mwawerenga zolembedwa pa thiransifomayo, apo ayi itanani wodziwa zamagetsi.

Ine wanu,
Mwerengi wokhudzidwa